Dotolo wa m'sewero lanu aphunzire kutsitsa mawu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene mudadutsa m'manja mwathu, lero ndabwera ndi dandaulo. Dandauloli ndi la zisudzo ndi nkhani zopeka zimene ana athu akulemba, ife eni ake n'kumawombera m'manja.

Nyengo ya mipikisano ya zisudzo ikafika, kaya ndi ya ATEM, ya NASFEST kapena ya makalabu a Edzi Toto, pali gawo limodzi limene silisowa. Mukulidziwa. Mtsikana wakomoka. Anzake amunyamula, liwiro la kuchipatala. Akutulukira mnyamata wa Fomu 3 atavala gawuni yoyera yobwereka ku labu, waya wa wailesi uli m'khosi. Agwira dzanja la wodwala kamphindi, kenaka atembenukira kwa bambo, mayi, azakhali, aneba, mphunzitsi wamkulu ndi mlonda wa pageti, n'kulengeza mokweza kuti mwana wanuyu ali ndi pakati pa miyezi itatu, ndiponso tamupeza ndi kachilombo. Mayi adzigwetsa pansi. Bambo avula lamba. Holo yonse ifa nalo phwete, oweruza nawo alemba malikisi.

Ine ndikuti gawo limeneli ndi loipa, ndipo ife aphunzitsi tiyenera kusiya kulilola.

Yankho limene ndimalimva m'sitafurumu ndi limodzimodzi nthawi zonse: koma aphunzitsi, ndi zimene zimachitika. Inde, zimachitika. Pafupifupi Mmalawi aliyense adamvapo matenda a munthu wosamudziwa akutchulidwa pakhonde la chipatala. Koma kubanso kumachitika, ndipo wakuba akaoneka m'sewero owonera amadziwa kuti akuona wakuba. Dotolo wathu uja ayi. Iye m'sewero ndi mwini choonadi, munthu wophunzira amene wabwera kudzaulula tchimo. Palibe mpangankhani aliyense amene amamufunsa kuti, adokotala, chilolezo chouza anthu onsewa mwachitenga kwa yani? Sewero limatha mtsikana atalangidwa, dotolo ali phee ndi ulemu wake.

Tsopano taganizani amene akhala m'holomo. Mwa ana mazana angapo aja muli ena amene adabadwa ndi kachilombo ka HIV, amamwa ma ARV tsiku lililonse, ndipo Loweruka lina amapita ku Teen Club monga ija ya Baylor pa Kamuzu Central. Muli wina wa kuhositelo amene mabotolo ake amawabisa pansi pa thumba la shuga. Muli mtsikana amene mwezi uno sanaone kumwezi ndipo akulimbana ndi mtima wake ngati apite kuchipatala kapena apite kwa mayi wina wodziwa mizu. Kodi ana amenewa aphunzirapo chiyani pa sewero lathu? Aphunzira kuti ukaponda pachipatala, mawa mudzi wonse udziwa. Ife tidati tikuwaphunzitsa kudziletsa, pamene tawaphunzitsa kuthawa namwino.

Ena amaganiza kuti chinsinsi cha wodwala ndi chifundo chabe cha namwino wamtima wabwino. Si choncho, ndi lamulo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 19, amati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo gawo 21 limapatsa aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula kuti wina ali ndi kachilombo mwini wake asanalole, kupatula m'njira zochepa zimene lamulolo latchula. Mwana wa zaka 13 amaloledwa kukayezetsa magazi payekha, kutanthauza kuti mwana wa Fomu 1 amene akukhala kutsogolo m'kalasi mwanu angathe kukhala ndi zotsatira zake zimene inu simuyenera kuzifunsa. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Pamwamba pa zonsezi pali Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, mabungwe amene ali ndi mphamvu yolanga ngakhale kuchotsa m'kaundula wogwira ntchito amene waphwanya malamulo a ntchito yake. Kuyambira 2018 m'zipatala za boma mudaikidwanso maofesi a ombudsman wa pachipatala, kumene wodwala angakatule dandaulo. Dotolo wa m'sewero lathu uja akadakhala weniweni, gawo lachiwiri la sewerolo likadamupeza akuyankha mlandu.

Zoona, chinsinsi chili ndi malire ake, ndipo wolemba ayenera kuwadziwa. Khoti likalamula, chipatala chimapereka zimene chikudziwa. Mwana akachitidwa nkhanza, nkhani siyingathere m'kachipinda. Matenda ofala msanga amanenedwa ku boma. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Unduna wa Zaumoyo unkalengeza tsiku ndi tsiku chiwerengero cha odwala ndi maboma amene akhudzidwa. Unkalengeza manambala ndi madera, osati maina a anthu. Umu ndi momwe dziko limadziwitsidwira zoopsa popanda kuvula munthu aliyense.

Pali ena amene akangomva mawu akuti chinsinsi amakwiya, amati ndi chinsinsi chomwechi chimene akuluakulu amabisalamo. Ndikuwamvetsa, chifukwa tidaziona mumzinda uno. Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adagwa kunyumba ya boma, adathamangira naye ku Kamuzu Central, ndipo usiku womwewo adamukweza ndege ya ku South Africa ngati wodwala. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zidaonekera pa kanema wa boma osanena kuti mtsogoleri wamwalira. Imfa idalengezedwa pa 7 Epulo. Komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Justice Elton Singini idadzatsimikiza mu lipoti lake la 2013 kuti adamwalira pa 5 Epulo pomwepo. Koma kumeneku kudali kubisa, ndipo kubisa n'kosiyana ndi chinsinsi cha wodwala. Zakuti dziko lilibe mtsogoleri ndi nkhani ya Amalawi onse, chifukwa malamulo amanena amene ayenera kutenga mpando. Zakuti mayi wogulitsa tomato mumsika wa Lilongwe ali ndi matenda akutiakuti ndi nkhani ya iye mwini. Vuto lathu ndi lakuti zinthu tidazizondotsa. Za wamkulu timaziphimba ngakhale pamene dziko liyenera kudziwa, za wamng'ono timazilengeza ngakhale pamene palibe amene wafunsa. Sewero la pasukulu likamaseketsa anthu ndi matenda a mtsikana wosauka, likuthandizira kuzondotsa komweko.

Tsopano tibwere kwa iwo amene amati akufuna zenizeni. Chodabwitsa n'chakuti chipatala cha m'zolemba za ana athu sichifanana ndi chipatala chilichonse cha m'Malawi muno. Theka lake adalitenga ku mphekesera, theka linalo ku mafilimu a ku America monga ER, imene idaonetsedwa kuyambira 1994 mpaka 2009, ndi Grey's Anatomy imene idayamba mu 2005. Ndiye mumapeza nkhani yaifupi ya mwana wa ku Kawale momwe madotolo asanu akuthamanga ndi machira, wina akukuwa manambala, wina akugunda wodwala pachifuwa ndi magetsi, wodwalayo n'kudzuka n'kupempha madzi akumwa. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ngakhale ku America komweko zimenezi ndi zokokomeza. Mu 1996 magazini ya madotolo ya New England Journal of Medicine idasindikiza kafukufuku wa mapulogalamu atatu a pa kanema, kuphatikizapo ER, ndipo idapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene mtima wawo udaima pa kanemapo, pafupifupi 75 ankatsitsimuka. M'zipatala zenizeni za kumeneko, ndi zipangizo zawo zonse, amene amatuluka amoyo ndi mmodzi mwa anayi kapena asanu. Bodza limeneli lili ndi mtengo wake. Munthu amene adakula akuona akufa akudzutsidwa pa kanema, tsiku limene mbale wake wamwalira ku casualty amatsimikiza kuti namwino ndiye wachita ulesi.

Chipatala chathu chenicheni chili ndi nkhani zokwana mabuku khumi, wolemba atangofuna kuchiyang'ana. Munthu woyamba kukuona nthawi zambiri ndi namwino kapena clinical officer, dotolo amabwera pambuyo ngati alipo. Pambali pa bedi pali gadiyani, amene amaphika, kuchapa, kusambitsa wodwala ndi kugona pansi pa simenti. Magazi amasowa kwambiri nthawi ya holide, chifukwa ambiri mwa amene amapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service ndi ana a sukulu, ana athu omwewa. Ndi liti mudaonapo sewero lonena za bambo amene akudikira magazi mu Disembala sukulu zitatseka?

Palinso chinthu china chimene tikadayenera kunyadira. Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere, imene amaitcha ETAT ndipo bungwe la World Health Organization lidaifalitsa m'maiko ambiri, idakulira kuno kwathu, pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mwa ntchito ya Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake. Ana amagawidwa patatu: amene ayenera kuthandizidwa pompopompo, amene ayenera kutsogozedwa, ndi amene angathe kudikira pamzere. Wogwira ntchito amayang'ana kapumidwe, kayendedwe ka magazi, kukomoka, kugwa khunyu ndi kutha kwa madzi m'thupi. Wofika koyamba si amene amalowa koyamba.

Nali tsono gawo la sewero limene ndikufuna nditaliona. Mayi wafika mbandakucha ndi mwana wotentha thupi, wakhala pabenchi maola atatu. Akulowa mayi wina, wovala bwino, mwana ali kumsana. Namwino angosuzumira kamodzi, n'kumulowetsa. Benchi yonse iyamba kung'ung'udza kuti zachinyengo basi, ndi mbale wake ameneyo, wapereka kangachepe. Mayi woyamba uja aimirira n'kufunsa chifukwa chake. Namwino akudziwa chifukwa chake, mawu amodzi okha angamuchotsere manyazi onsewa. Koma matenda a mwana uja si ake oti awagawire benchi yonse. Ndiye angoti, mayi, pepani, mwana wanu timuona posachedwa, n'kumeza matukwana onse. Kodi pamenepa palibe sewero? Owonera akudziwa zimene benchi sikudziwa, ndipo mtima uli m'mwamba popanda wina wovula lamba.

Nali lina. Mkazi walowa m'kachipinda, mwamuna watsala panja. Namwino amapemphera mpingo umodzi ndi banjali. Potuluka, bambo uja amuimitsa pakhonde mwaulemu wonse: asisitala, inu ndi ife ndi amodzi, tandiuzani zimene mwapeza. Namwino akudziwa kuti bamboyu naye ayenera kuyezedwa. Akudziwanso kuti akalankhula, mayi uja mwina usiku womwewo agona panja. Ntchito yake ndi kulimbikitsa mayiyo kuti aulule yekha, kapena kuti abwere onse awiri adzamve limodzi. Lamlungu adzakumana onse atatu kutchalitchi. Mwana amene angalembe zimenezi bwino waphunzira za mpangankhani kuposa zimene tingamulembetse pabolodi teremu yonse. Lamulo la chinsinsi silimuphera wolemba nkhani yake. Ndi lomwelo limene limampatsa mkangano, chifukwa munthu wodziwa kanthu koma womangika lilime ndiye amakoka owonera.

Pali mtundu winanso wa zenizeni umene ndimadana nawo kwambiri, wotenga munthu weniweni n'kumuika pasiteji. Mwana amalemba za mayi wa kuseli kwa nyumba yawo, n'kusintha chilembo chimodzi m'dzina. Gulu la zisudzo limatengera kayendedwe ndi katsokomoledwe ka munthu amene sukulu yonse ikumudziwa. Aliyense m'holomo amadziwa amene akunenedwa, ndipo n'chifukwa chake akuseka. Kumeneku si kulemba, ndi miseche yovala yunifolomu. Ku America, kumene lamulo lawo la HIPAA la 1996 limateteza mbiri za odwala, chipatala chachikulu cha NewYork-Presbyterian chidalipira madola 2.2 miliyoni mu 2016 chifukwa cholola ojambula pulogalamu ya pa kanema ya NY Med kujambula odwala popanda chilolezo, mmodzi mwa iwo akumwalira. Nkhope adaibisa, koma mkazi wake adamuzindikira mwamuna wake ali kunyumba akuonera kanema. Kubisa nkhope kapena kusintha dzina sikukwanira ngati a m'mudzi angathe kuloza chala.

Kuno kwathu sitifunanso kampani ya kanema, foni imodzi imakwana. Minibasi ikagubuduzika pamsewu wa M1, zithunzi za ovulala zimafika m'magulu a WhatsApp ambulansi isanafike. Alipo mabanja amene adamva za maliro a mwana wawo poona chithunzi pa Facebook, mthenga asanatuluke n'komwe pakhomo. Amene amatumiza zithunzizi ambiri adadutsa m'makalasi mwathu. Ena ali m'magulu a ophunzira akale omwe ifenso tilimo, ndipo timangoyang'ana. Munthu amene ali Fomu 2 adaphunzira kuti matenda a mnzake ndi choseketsa, akakula sadzaona cholakwa kujambula munthu ali m'magazi. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndikudziwa chimene anzanga a zaumoyo anganene, ndipo ndi mfundo yolemera. Anganene kuti, aphunzitsi, chinsinsi chimafuna khoma, ife makoma tilibe. Chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu akuchitchabe Bottom, dzina la nthawi ya atsamunda pamene chipatala cha azungu chinali kumtunda, chimalandira ana obadwa oposa 15,000 pachaka. Kamuzu Central idatsegulidwa mu 1977, Lilongwe ali kamzinda kakang'ono, ndipo lero imalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse chapakati. Pamene mabedi agundana, wa bedi loyandikana amamva ngakhale asakufuna. Zonsezi ndi zoona, ndipo wolemba woona mtima azilembe momwe zilili, kuti amene amagawa ndalama za boma achite manyazi. Koma kusowa kwa khoma ndi chifukwa chotsitsira mawu, osati chokwezera. Taonani amayi athu. Mnzawo akagwa panjira kapena nthawi yake ikakwana asanafike kuchipatala, amamasula zitenje n'kumuzungulira, nkhope atayang'ana kumbali. Palibe adawawerengera gawo 21. Kale mwamuna sankayandikira kuchikuta, ndipo za m'menemo zinkathera m'menemo. Adzukulu osambitsa maliro sakamba pabwalo zimene aona. Choncho amene akuti chinsinsi cha wodwala ndi zachizungu sakudziwa mwambo wa kwawo. Chachilendo ndi dotolo wofuula uja.

Ndisanamalize, mawu awiri kwa ife a choko. Mwana akajomba chifukwa cha matenda, aphunzitsi ena amamulamula kubweretsa buku lake la kuchipatala ngati umboni. Bukulo limafika m'sitafurumu, limatsegulidwa tsamba ndi tsamba, limadutsa m'manja atatu kapena anayi tiyi akumwedwa. M'bukumo muli mbiri yonse ya mwana, zimene ngakhale amalume ake sakuzidziwa. Chimene sukulu ikufuna kudziwa ndi chakuti mwana adapitadi kuchipatala tsiku lakutilakuti. Deti ndi chidindo n'zokwanira, ndipo woona akhale mmodzi. Sitingadzudzule dotolo wa m'sewero pamene ife tikuchita zomwezo nthawi ya buleki.

Pempho langa nali. Inu oyang'anira makalabu a zisudzo, mwana akabweretsa sewero lokhala ndi gawo la kuchipatala, mufunseni mafunso atatu: ndani ali m'chipindamo, ndani ali ndi ufulu womva, ndipo amene waulula chimuchitikire n'chiyani. Ngati akufuna kuonetsa namwino wolongolola, aonetse, chifukwa alipo, koma aonetsenso mtsikana amene wasiya kukatenga mankhwala chifukwa cha pakamwa pa namwinoyo. Itanani namwino kapena clinical officer adzacheze ndi ana ola limodzi, awafotokozere momwe usiku wa ku casualty umayendera osatchula dzina la wodwala aliyense. Inu oweruza mipikisano, lekani kupereka malikisi pongomva kuti holo yaseka.

Ndipo inu ana athu akale, ena mwa inu mudapita ku Malawi College of Health Sciences, ena ku Kamuzu University of Health Sciences, lero ndinu amene mwavala gawuni yoyera yeniyeni. Ena mukulemba masewero a pawailesi ndi timafilimu ta pafoni timene anthu zikwi zambiri akuonera. Amene adakula akumvera Zimachitika kapena kuonera Tikuferanji akudziwa kuti sewero limasintha maganizo a mudzi msanga kuposa chikalata cha unduna. Mphamvu imeneyo tsopano ili m'manja mwanu. Tsiku lina mmodzi wa ife aphunzitsi anu adzabwera atagona pamachira, osatha kudziphimba yekha. Tsiku limenelo mudzakoke katani, ndipo foni idzakhale m'thumba.